Mafunso ndi mayankho: ma growth factor, kukula kwa maselo ndi khansa

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa ophunzira za umoyo, odwala khansa ndi owasamalira, makamaka akaona zilembo ngati HER2, EGFR kapena KRAS pa pepala la zotsatira za kuchipatala.

Kodi growth factor ndi chiyani?

Ndi puloteni yaing'ono imene selo limatulutsa pofuna kuuza selo lina chochita. Uthenga wake ukhoza kukhala wakuti likule, ligawikane, lisafe, lisunthire pena, kapena likhwime n'kuyamba ntchito yake.

Growth factor si chakudya. Selo la munthu likhoza kukhala pakati pa shuga ndi zomanga thupi zochuluka, koma siligawikana lisanalandire chilolezo kuchokera kwa maselo anzake. Oweta maselo m'labotale amazidziwa bwino zimenezi. Akaika maselo abwinobwino m'mbale ya chakudya chokhachokha, maselowo amangokhala duu. Akathiramo madzi a m'magazi, amene amakhala ndi ma growth factor, maselo aja amayamba kuchulukana. Maselo ambiri a khansa amachulukana ngakhale madziwo akhale ochepa kwambiri, ndipo nkhani yonse ya tsamba lino yagona pamenepa.

Alipo ambiri, ndipo amadziwika ndi zilembo: EGF, PDGF, VEGF, NGF, FGF, IGF-1. Mayinawa anachokera kumene aliyense anapezeka koyamba kapena ku ntchito imene anaoneka akugwira koyamba, choncho asakusocheretseni. EGF anamupatsa dzina la khungu, koma amagwiranso ntchito m'matumbo, m'mapapo ndi m'mawere.

Munthu wamkulu anasiya kukula. Nanga amawafuniranji?

Msinkhu umaima, koma maselo sasiya kufa ndi kulowedwa m'malo. Maselo a mkati mwa matumbo amasinthidwa pa masiku osapitirira 5. Selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120, ndipo mafuta a m'mafupa amapanga ena atsopano oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse.

Pamene ntchito yawo imaoneka ndi maso ndi pa bala. Mukadzicheka ndi mpeni, timaselo ta m'magazi totchedwa mapulateleti timaunjikana pamalopo n'kuumitsa magazi. Poteropo timatulutsa PDGF, amene amaitana maselo omanga mnofu. VEGF amachititsa kuti timitsempha ta magazi tatsopano timere, n'chifukwa chake pansi pa nkhanambo pamakhala kamnofu kofiira kosachedwa kutuluka magazi. Kenako EGF ndi anzake amalimbikitsa maselo a khungu a m'mphepete kuti agawikane n'kumayenda cholowera pakati. Mbali ziwiri zikakumana, ntchito imaima. Kuima kumeneku n'kofunika mofanana ndi kuyamba kuja.

Kodi ndi chimodzimodzi ndi mahomoni?

Ndi apachibale, ndipo malire ake si olunjika. Mahomoni ambiri amapangidwa ndi chiwalo chimodzi n'kuyenda ndi magazi kukafika kutali. Ma growth factor ambiri amapangidwa ndi maselo amitundumitundu ndipo amagwira ntchito pafupi pomwepo. Koma ena, monga IGF-1 wochokera m'chiwindi ndi erythropoietin wochokera mu impso, amayenda ndi magazi ngati mahomoni.

Uthengawo umalowa bwanji m'selo?

Growth factor salowa m'selo. Ali ngati mlendo woima panja n'kunena kuti "odi". Pakhomo pali wolandira alendo, amene amauza mnzake wa m'kati, uyonso n'kuuza wina, mpaka mawu afike kuchipinda kwa mwini nyumba.

Wolandira alendoyo ndi puloteni yotchedwa receptor, yokhala pa khungu la selo, mutu kunja, mchira m'kati. Growth factor aliyense ali ndi receptor yakeyake. EGF akamatirira pa receptor yake yotchedwa EGFR, ma receptor awiri amagundana n'kugwirana. Michira yawo ya m'kati, imene ili ndi kachigawo kotchedwa tyrosine kinase, imadzuka n'kumatana tizizindikiro totchedwa phosphate. Mapuloteni ena a m'selo akaona phosphate ameneyu amathamangira pomwepo, ndipo uthenga umayamba kupatsirana.

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri. Ina imadzera mu RAS, RAF, MEK ndi ERK n'kukafika pakati pa selo pamene pali DNA, kukayatsa majini oyambitsa kugawikana. Inayo imadzera mu PI3K ndi AKT, ndipo imauza selo kuti lidye kwambiri, linenepe ndipo lisadziphe.

Zozimitsira zake ziliponso. Receptor imene yalandira uthenga imamezedwa ndi selo n'kuphwanyidwa. RAS amadzizimitsa yekha pakapita kanthawi. Puloteni yotchedwa PTEN imafufuta zimene PI3K walemba. M'selo labwino uthenga umabwera n'kutha.

Ma growth factor anawatulukira ndani?

Woyamba anali Rita Levi-Montalcini, mayi wa ku Italy. Malamulo osala Ayuda a mu 1938 atamuchotsa pa yunivesite, iye anakonza kalabotale m'chipinda chake chogona ku Turin n'kumafufuza mmene minyewa imamerera mwa anapiye amene akadali m'dzira. Nkhondo itatha anapita ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America. Kumeneko anaona kuti akaika kachidutswa ka chotupa cha mbewa mwa mwanapiye wa m'dzira, minyewa inkamera mopyola muyeso, ngakhale kutali ndi chotupacho. Anazindikira kuti chotupacho chikutulutsa chinachake. Ameneyo ndiye NGF. Onani kuti growth factor woyamba kudziwika anapezeka kudzera mu chotupa.

Stanley Cohen, amene ankagwira naye ntchito, anathiramo poizoni wa njoka pofuna kuyeretsa chinthucho, koma anadabwa kupeza kuti poizoniyo ali ndi NGF wochuluka kuposa chotupa chija. Izi zinamutsogolera ku tiziwalo totulutsa malovu ta mbewa. Atabaya ana a mbewa ongobadwa kumene ndi madzi a m'tiziwaloti, anaona kuti akuphenya patatha pafupifupi sabata imodzi m'malo mwa masabata awiri, ndipo mano ankamera msanga. Anatsatira chizindikiro chimenechi mpaka anapeza EGF mu 1962. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1986. Levi-Montalcini anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 103.

Ndiye kuti ma growth factor amayambitsa khansa?

Paokha ayi. Tonse tili nawo kuyambira tili m'mimba. Vuto limabwera majini a selo akawonongeka mwakuti selolo limaleka kudikira chilolezo. Izi zimachitika m'njira zingapo.

Nthawi zina selo limayamba kudzipangira growth factor wake n'kumamulandira lokha. Zotupa zina za mu ubongo zimachita zimenezi ndi PDGF. Nthawi zina jini ya receptor imakopeka kambirimbiri, ndiye khungu la selo limadzaza ndi ma receptor, moti amangogundana okha popanda wowatuma. HER2 ndiye chitsanzo chake, ndipo ali ndi funso lake m'munsimu. Pena receptor imapindika kapangidwe n'kukhala yoyaka usana ndi usiku, monga EGFR mu khansa ina ya m'mapapo.

Koma kawirikawiri vuto limakhala m'kati, kupyola pa receptor. RAS akawonongeka amalephera kudzizimitsa, ndipo amangotumiza uthenga wakuti "gawikana" ngakhale kunja kuli zii. Jini ya KRAS, imodzi mwa majini opanga RAS, imapezeka yowonongeka mu khansa ya kapamba pafupifupi 9 pa 10 iliyonse, ndiponso mu khansa ya m'matumbo aakulu pafupifupi 4 pa 10 iliyonse. Kutayika kwa PTEN nakonso kumabweretsa zofananazo, chifukwa chozimitsira chimakhala chachoka.

Chotupa chimathanso kunyengerera maselo abwino oyandikana nacho kuti azichipangira ma growth factor. Ofufuza ena amati chotupa ndi bala losapola, ndipo mukawerenganso yankho la bala lija muona chifukwa chake.

Zinadziwika liti kuti pali mgwirizano pakati pa zinthu ziwirizi?

Kwa zaka zambiri ofufuza ma growth factor ndi ofufuza mavairasi oyambitsa khansa mu nyama ankagwira ntchito aliyense kwake. Mu 1983 zinapezeka kuti jini yoyambitsa khansa ya vairasi ina ya anyani, yotchedwa v-sis, ndi yofanana ndi jini ya PDGF. Mu 1984 zinapezekanso kuti v-erbB, ya vairasi ina ya nkhuku, ndi EGFR yoduka mutu, imene imangoyaka popanda EGF. Apa m'pamene zinaonekera poyera kuti majini oyambitsa khansa ndi majini athu omwe a kakulidwe, koma owonongeka.

Kodi kuwonongeka kwa jini imodzi n'kokwanira?

Nthawi zambiri ayi. Timadontho takuda tambiri timene anthu amakhala nato pakhungu tili ndi jini yowonongeka ya BRAF, wa m'banja la RAF uja, yomwe ija imapezekanso mu khansa ya khungu yotchedwa melanoma. Koma nthawi zambiri kadonthoko kamakula pang'ono n'kuima kwa moyo wonse, chifukwa selo lili ndi alonda ena. Awiri odziwika kwambiri ndi p53 ndi Rb. Akaona kuti uthenga wa kukula wanyanya, amaimitsa selo kapena kulilamula kuti life.

Khansa imabwera pamene uthenga wayaka ndipo alondawo achotsedwa. N'chifukwa chake imatenga zaka kuti ionekere, ndipo imachuluka munthu akamakalamba. Kachilombo ka HPV, koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamalunjika pa alonda omwewa: puloteni yake ya E6 imawononga p53, ya E7 imamanga Rb. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo katemera wa HPV wa atsikana anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019.

Pali growth factor mmodzi wa nkhope ziwiri, TGF-beta. M'maselo abwino a khungu ndi a m'matumbo amaletsa kugawikana. Chotupa chikakula chimasiya kumumvera, kenako n'kuyamba kumugwiritsa ntchito pofooketsa chitetezo cha thupi ndi pofalikira kwina.

Chotupa chimapeza bwanji magazi?

Popanda mitsempha yakeyake, chotupa sichingakule kupitirira milimita imodzi kapena ziwiri, chifukwa maselo a pakati amasowa mpweya. Dokotala wa maopaleshoni wa ku Boston, Judah Folkman, ndiye analimbikira mfundoyi mu 1971, pa nthawi imene ambiri sankaikhulupirira. Maselo osowa mpweya amatulutsa VEGF, amene anadziwika bwino mu 1989 kudzera mu ntchito ya Napoleone Ferrara ndi ena. Mitsempha yapafupi imaphukira n'kulowera m'chotupa. Mitsempha yake imakhala yokhotakhota ndi yodontha, n'chifukwa chake zotupa zambiri zimatuluka magazi mosavuta. Imakhalanso njira yoti maselo a khansa athawiremo kupita ku ziwalo zina.

Kuno kwathu chitsanzo chodziwika ndi Kaposi sarcoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa amuna ku Malawi ndi ku Zambia. Imayamba ndi vairasi yotchedwa HHV-8, imene Yuan Chang ndi Patrick Moore anaitulukira mu 1994. Vairasiyi imalowa m'maselo oyala m'kati mwa mitsempha n'kuwachititsa kutulutsa VEGF ndi mauthenga ena otere. Zigamba zakuda zija za m'miyendo ndi m'kamwa kwenikweni ndi mitsempha yopiringizana yodzaza magazi. Chitetezo cha thupi chikakhala champhamvu vairasiyi nthawi zambiri imakhala chete, ndipo n'chifukwa chake ma ARV ndiwo maziko a chithandizo kwa amene ali ndi HIV, kemo n'kuwonjezerapo ngati matenda afalikira.

Zotsatira zanga zalembedwa kuti HER2-positive. Zikutanthauza chiyani?

HER2 ndi receptor ya m'banja limodzi ndi EGFR. Mwa amayi 100 odwala khansa ya m'mawere, pafupifupi 15 mpaka 20 amakhala ndi chotupa chimene maselo ake ali ndi HER2 wochuluka zedi. Dokotala Dennis Slamon wa ku Los Angeles ndi anzake anasonyeza mu 1987 kuti zotupa zoterezi zimakula msanga ndipo zimakonda kubwereranso.

Kale imeneyi inali nkhani yoipa basi. Zinasintha mu 1998, pamene mankhwala a trastuzumab, odziwikanso kuti Herceptin, anavomerezedwa ku America. Amamatirira pa HER2 kunja kwa selo, kuchepetsa uthenga wake, komanso kuitana asilikali a m'thupi kuti aphe selolo. Khansa ikapezeka isanafalikire, amaperekedwa pamodzi ndi kemo, nthawi zambiri kamodzi pa masabata atatu alionse kwa chaka chimodzi. Bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2015, ndipo mu 2019 linavomereza mtundu wina wotsika mtengo wopangidwa ndi kampani ina. Ngakhale zili choncho, mtengo wake udakali chopinga chachikulu m'mayiko osauka.

Pa pepalapo pamakhala nambala. 0 kapena 1+ ndiye kuti HER2 si wochuluka. 3+ ndiye kuti ndi wochuluka. 2+ ali pakatikati, ndipo pamafunika kuyeza kwina kowerenga jini yeniyeniyo. HER2 ndi wosiyana ndi ER ndi PR, amene amanena za mahomoni ndipo mankhwala ake ndi ena, monga tamoxifen.

Mankhwala otsekereza mauthengawa amasiyana bwanji ndi kemo?

Kemo imapha maselo alionse amene akugawikana msanga, a khansa ndi abwino omwe, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo magazi amachepa. Mankhwala enawa amalunjika pa puloteni imodzi. Ena ndi odzera m'diripi ndipo amagwira kunja kwa selo: trastuzumab pa HER2, cetuximab pa EGFR, bevacizumab pa VEGF. Ena ndi mapilitsi olowa m'selo kukatseka tyrosine kinase, ndipo mayina awo amathera ndi "nib".

Amene anatsegula maso a anthu ndi imatinib, wovomerezedwa mu 2001. Mu khansa ya m'magazi yotchedwa CML, makromozomu (mitolo ya majini) 9 ndi 22 amasinthana zidutswa n'kupanga kinase yosazima, BCR-ABL. Imatinib amaitseka, ndipo odwala ambiri amene kale akanamwalira m'zaka zochepa tsopano amakhala zaka zambiri akumwa mapilitsi tsiku ndi tsiku. Tisabise, chipambano chotere sichichitikachitika. CML ikamayamba imadalira pafupifupi vuto limodzi lokha, pamene zotupa zambiri zimakhala ndi mavuto angapo. Bevacizumab, mwachitsanzo, anthu ankamuyembekezera kwambiri, koma pa khansa zambiri amangowonjezera miyezi.

Bwanji osangopatsa aliyense wodwala khansa mankhwala amenewa?

Chifukwa amagwira ntchito pokhapokha ngati chotupacho chikudalira puloteni imene iwo amatseka. Gefitinib, mapilitsi otseka EGFR, atayamba kuperekedwa kwa odwala khansa ya m'mapapo, ambiri sanathandizike, koma ochepa ankapeza bwino modabwitsa. Mu 2004 zinadziwika kuti ochepawo anali ndi EGFR yowonongeka. Vutoli limapezeka kwambiri mwa anthu amene sanasutepo fodya, mwa amayi, ndiponso mwa anthu a kum'mawa kwa Asia.

Cetuximab naye ali ndi phunziro lake. Amatseka EGFR, koma ngati chotupa cha m'matumbo chili ndi KRAS yowonongeka, kutsekako n'kopanda ntchito, poti uthenga ukuyambira m'kati. Wodwalayo amangolandira zovuta za mankhwala ndi kutaya ndalama. Choncho wina akakuuzani kuti m'bale wake kunja anachira ndi mapilitsi akutiakuti, funso loyamba ndi lakuti chotupa chake anachiyeza n'kupezamo chiyani.

N'chifukwa chiyani mankhwalawa amagwira ntchito kenako n'kusiya?

M'chotupa muli maselo mamiliyoni ambiri osafanana ndendende. Mankhwala amapha omvera, koma ochepa osamvera amatsala n'kuchulukana. Ena amasintha kapangidwe ka puloteni kuti mankhwala asamatirire. Mu EGFR kusintha kodziwika ndi T790M, ndipo osimertinib, wovomerezedwa mu 2015, anapangidwira vuto limeneli. Ena amangotsegula njira ina yolambalala, monga receptor yotchedwa MET. Kudumphadumpha kumwa mapilitsi, kapena kugawana ndi wina, kumaupatsa mpata matendawa.

Ali ndi zovuta zotani?

Zovuta zake zimatsatira ntchito imene growth factor amagwira m'thupi labwino. Otseka EGFR amabweretsa tiziphuphu kumaso ndi pachifuwa, khungu louma ndi kutsegula m'mimba. Trastuzumab akhoza kufooketsa mtima, poti minofu ya mtima imagwiritsanso ntchito HER2, choncho mtima umaunikidwa asanayambe ndiponso pakatipakati. Otseka VEGF amakweza BP, amachedwetsa kupola kwa mabala ndipo akhoza kuyambitsa kutaya magazi, moti amaimitsidwa opaleshoni isanachitike. Mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati auze dokotala asanayambe.

Adokotala andibaya jekeseni wa growth factor pamene ndili pa kemo. Sakudyetsa khansayo?

Jekeseniyo nthawi zambiri amakhala filgrastim, amene ndi growth factor wotchedwa G-CSF wopangidwa ku fakitale. Amalankhula ndi mafuta a m'mafupa kuti apange msanga maselo oyera a magazi amene kemo yawachepetsa, kuti musagwidwe ndi matenda ena oopsa. Monga tanenera kale, growth factor aliyense ali ndi receptor yake, ndipo filgrastim sayatsa HER2 kapena EGFR. Ambiri amamva kuphwanya m'mafupa kwa masiku ochepa.

Erythropoietin, wowonjezera maselo ofiira, madokotala amasamala naye kwambiri. Kafukufuku anasonyeza kuti mwa odwala khansa ena amawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha, ndipo pena matenda ankakula msanga. N'chifukwa chake saperekedwa mwachisawawa.

Nanga zakudya? Anthu amati nkhuku za chizungu zokula msanga zimabweretsa khansa.

Nkhuku zimenezi zimakula msanga chifukwa cha mtundu wake, umene wakhala ukusankhidwa kwa zaka zambiri, ndiponso chakudya chimene zimapatsidwa. Ndipo ma growth factor ndi mapuloteni. Akaphikidwa n'kulowa m'mimba amagayidwa ngati nyama ina iliyonse.

Chimene chili ndi umboni ndi mmene thupi lenilenilo lilili. Kunenepa kwambiri kumakweza insulini m'magazi, ndipo insulini imagwiritsa ntchito njira ya PI3K ndi AKT ija. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kunenepa kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo aakulu, ya m'kati mwa chiberekero ndi ya m'mawere kwa amayi osiya kusamba. Ku Ecuador kuli mabanja a anthu aafupi kwambiri, odwala matenda otchedwa Laron syndrome, amene matupi awo amapanga IGF-1 wochepa zedi. Khansa pakati pawo ndi yosowa kwambiri poyerekeza ndi abale awo a msinkhu wamba. Koma zimenezi sizikutanthauza kuti pali chakumwa kapena mankhwala a zitsamba otsitsa ma growth factor n'kuchiza khansa. Ogulitsa zoterezi pa WhatsApp akungofuna ndalama zanu.

Kodi vutoli ndi la kumtundu?

Nthawi zambiri ayi. HER2, EGFR kapena KRAS wowonongeka amakhala m'maselo a chotupa okha, ndipo kuwonongekako kumachitika munthu ali moyo. Ana sayamwira. Khansa zochokera kumtundu ndi pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100 zilizonse, ndipo zambiri zimakhudza majini olondera ndi okonza DNA, monga BRCA1 ndi BRCA2. Pali mabanja ochepa amene amapatsirana receptor yowonongeka yotchedwa RET, yobweretsa mtundu wina wa khansa ya chithokomiro.

Kodi kuyeza magazi kungasonyeze kuti ma growth factor anga asokonekera?

Palibe kuyeza kwa ma growth factor m'magazi kouza munthu wosadwala ngati ali ndi khansa. Kuchuluka kwawo kumakwera ndi kutsika ndi mabala, matenda ena, msinkhu ndi mimba. Chimene chimayezedwa ndi chotupa chenichenicho. Dokotala amatengako kachidutswa ndi singano kapena pa opaleshoni yaing'ono n'kukatumiza ku labotale, kumene amakaunika kuti adziwe mtundu wa khansa, kenako n'kuyeza mapuloteni ngati HER2.

Ambiri amakana kuyeza kumeneku poopa kuti chotupa chikakhudzidwa ndi chitsulo chimalusa n'kufalikira. Mantha amenewa amabwera chifukwa anthu ambiri amafika kuchipatala matenda atafalikira kale, ndiye akafooka pambuyo pa kudulako, mlandu umagwera singano. Popanda kachidutswako dokotala sangadziwe mankhwala oyenera. Zotsatira zikatuluka, pemphani pepala lanulanu, funsani ngati anayeza ER, PR ndi HER2 ikakhala khansa ya m'mawere, ndipo ngati sanayeze, funsani kumene kachidutswako kangatumizidwe.